Ali nafe ngakhale tikudikirabe

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani yanu yokhudza Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi. Mfundo yanu yoti pa Adiventi sitidikira Mulungu amene anatisiya tokha yandifika pamtima, ndipo ndikufuna kuwonjezerapo pang'ono.

Ambirife timawerenga Yesaya 7:14 ngati vesi la Khirisimasi basi, koma tikumbukire amene anauzidwa mawuwo. Anali Ahazi, mfumu ya Yuda, pamene mafumu a Aramu ndi Israele anapangana zothira nkhondo Yerusalemu. Baibulo limati mtima wake ndi wa anthu ake unkagwedezeka ngati mitengo ya m'nkhalango ikamawombedwa ndi mphepo. Lonjezo la m'vesili, la mwana wotchedwa Emanueli (kutanthauza kuti Mulungu ali nafe), linadza mantha ali pachimake, adani asanabwerere kwawo. Mateyu anagwiritsa ntchito lonjezo lomweli pofotokoza kubadwa kwa Yesu (1:23), ndipo anatsiriza uthenga wake ndi mawu a Yesu oti ali nafe masiku onse mpaka kutha kwa dziko (28:20).

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amaona ngati nyengoyi ndi ya anthu osangalala okha. Mayi amene wachezera usiku wonse pambali pa bedi la mwana wodwala, akumupukuta thukuta pamphumi, mwina alibe mphamvu zoimbira nyimbo. Komatu Lamulungu lachitatu la Adiventi, Misa imayamba ndi mawu a Paulo kwa Afilipi oti tikondwere chifukwa Ambuye ali pafupi, ndipo Paulo analemba zimenezi ali m'ndende.

Ndikupempha abusa, ansembe ndi tonsefe kuti m'masabata amenewa tiziyendera odwala ndi oferedwa amene sangathe kufika kutchalitchi.