Chikwama chobereka si chikwama wamba

Anthu ambiri akamagula chonyamulira katundu amangoti "ndikufuna chikwama", basi. Amayang'ana mtundu ndi kuchuluka kwa matumba ake, n'kulipira. Pakapita miyezi iwiri phewa layamba kuwawa kapena lamba wathothoka, ndiye mlandu umagwera chikwamacho kuti n'chachabechabe, pomwe mwina chinangopatsidwa ntchito yosakhala yake.

Mawu akuti chikwama ndi otakata. Mumalowa cha m'manja, chokoleka paphewa, cha laputopu, chapaulendo cha zogwirira ziwiri, ngakhale kachikwama ka ndalama. Mawu a Chingelezi akuti bag ndi otakatanso chimodzimodzi. Backpack, chomwe ndi chikwama chobereka, ndi mtundu umodzi wokha m'gululi, ndipo dzinalo likutchula kale malo ake, chifukwa back ndi msana. Dzina lake lina, rucksack, linachokera ku Chijeremani, ndipo nalonso limayamba ndi liwu lotanthauza msana. Ndiye chobereka chilichonse ndi chikwama, koma si chikwama chilichonse chimene n'chobereka. M'Chichewa mneni ndi amene amamaliza nkhani: china timachinyamula kumanja, china timachikoleka paphewa, china timachibereka.

Ine ndimati kusiyana kwenikweni kuli pa kumene kulemera kukupita. Maonekedwe amabwera pambuyo.

Ikani makilo 5 m'chikwama cha lamba mmodzi, muchikoleke paphewa lakumanja, muime pagalasi. Muona phewalo litakwera pang'ono kuti lamba asatsetsereke, thupi litapendekera kumanzere kuti musagwere mbali imodzi. Simunaganize n'komwe zochita zimenezo, thupi lachita lokha. Minofu ya m'khosi ndi ya paphewa imakhala yokungika choncho ulendo wonse. Kwa mphindi 10 palibe vuto, koma ola lathunthu tsiku ndi tsiku mudzalimva. Chobereka chimagawa makilo omwewo pamapewa onse awiri, katundu amatsamira pafupi ndi msana, manja onse n'kukhala opanda kanthu.

N'chifukwa chake zimandipweteka mtima kuona munthu wagula chobereka chabwinobwino koma akuchikoleka ndi lamba mmodzi. Pamenepo wachibweza kukhala chikwama wamba, ndipo wachiwonongeratu. Msoko wa pamwamba, pamene lamba walumikizana ndi chikwama, unasokedwa kuti uzisenza theka la katundu. Ukamasenza yense uku akukokedwa chopendekera, ulusi umayamba kumasuka kungodya imodzi mpaka nsalu kung'ambika. Kachogwirira kapamwamba kajanso n'kongonyamulira pang'ono kapena kupachikira pakhoma, osati kuyenda nako mtunda wautali chikwama chili chodzaza.

Chobereka chenicheni chili ndi ziwalo zake. Malamba apaphewa akhale a masentimita 5 kapena kuposa m'lifupi, okhota motsatira thupi, a siponji yolimba. Finyani siponjiyo ndi zala ziwiri: zala zikakumana mosavuta, dziwani kuti pakatha miyezi yochepa idzaphwa ndipo lambayo adzayamba kucheka phewa. Pali kalamba kapachifuwa koletsa malamba kutsetserekera m'mbali. Mbali yogunda msana iyenera kukhala youma pang'ono kuti ngodya ya buku kapena chaja isakubayeni. Zikwama zikuluzikulu zimakhalanso ndi lamba wa m'chiuno ndi felemu (chimango cholimba cha mbali ya kumsana), ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Felemu imatsitsa kulemera kuchokera pamwamba, lamba n'kukukhazika pa mafupa a m'chiuno, amene ndi olimba kuposa mapewa. Lamba wa m'chiuno pa chikwama chopanda felemu amangothandiza kuti chisagwedezeke.

Nzeru ya felemuyi ndi yakale kwambiri. Mu 1991, kumapiri a Alps pamalire a Italy ndi Austria, kunapezeka mtembo wa munthu amene anakhalapo zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, yemwe anapatsidwa dzina lakuti Ötzi. Pa katundu wake panali ndodo yopindidwa ngati chilembo cha U ndi timatabwa tiwiri, zimene akatswiri amati zinali felemu yoberekera katundu. Cha m'ma 1908 Ole Bergan wa ku Norway anapanga chikwama cha felemu yachitsulo, ndipo mu 1952 Dick Kelty anayamba kupanga za felemu ya aluminiyamu ku California. Onsewa ankalimbana ndi vuto limodzi: thumba lofewa likadzaza limafufuma ngati mpira n'kumakokera munthu chagada.

Kukula kwa chobereka kumayezedwa m'malita. Cha malita 15 mpaka 30 chimakwanira mabuku, laputopu ndi botolo la madzi. Cha malita 50 mpaka 70 n'cha ulendo wapansi wa masiku angapo. Musagule chachikulu pongoti mwina tsiku lina chidzafunika, chifukwa malo opanda kanthu amakopa katundu, komanso zinthu zochepa m'chikwama chachikulu zimaunjikana pansi n'kumagunda m'chiuno.

Kwa ana asukulu nkhaniyi ndi yaikulu. Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri ndi akuti katundu asapose 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa mwanayo. Mwana wa makilo 30 azibereka makilo 3 mpaka 4 ndi theka, kuwerengera ndi chikwama chomwe. Lita imodzi ya madzi payokha ndi kilo imodzi. Ikani chikwamacho pasikelo m'mawa wina, mwina mudabwa. Mukaona mwana akuyenda chowerama mutu uli kutsogolo, kapena mapewa ali ndi mizere ya malamba, kapena akuti manja akuchita dzanzi, katundu wachuluka kapena malamba atalika.

Kalongedzedwe nakonso kamasintha zinthu. Zolemera zikhale mbali yogunda msana, chapakati, zopepuka ndi zofewa zipite pansi ndi kunja. Laputopu ikakhala m'thumba lakunja, kutali ndi msana, imakukokerani kumbuyo ndipo mumayamba kuwerama osadziwa. Povala, masulani malamba onse kaye. Ngati pali lamba wa m'chiuno, yambani kumanga ameneyo, akhale pamwamba pa mafupa a m'chiuno osati pamimba. Kenako kokani apaphewa mpaka chikwama chigwire msana, mumalize ndi kapachifuwa, komanga mosathina kuti muzipuma bwino. Chikwama chikamalendewera mpaka kumatako, malamba atalika kwambiri.

Chimene chimayamba kufa pa zikwama zambiri ndi zipi. Ngati mukutseka koma mano akutsegukanso kumbuyo, nthawi zambiri vuto si manowo ayi, ndi kamutu kokokera kaja kamene kayasama chifukwa chokakamiza kutseka chikwama chodzaza mopitirira. Kafinyeni pang'onopang'ono ndi pulayazi mbali zonse ziwiri, kuyesa n'kufinyanso, chifukwa mukathinitsa kamodzin'kamodzi kamathyoka. Zipi youma ipakeni kandulo. Pogula, onani kunsi kwa kamutuko, nthawi zambiri pamakhala nambala: 5 ndi yamatumba ang'onoang'ono, 8 kapena 10 ndiyo yoyenera pakhomo lalikulu. Nsalu nayo ili ndi nambala zake, monga 600D kapena 1000D, zosonyeza kunenepa kwa ulusi. Tembenuzani chikwama muone pamene lamba walumikizidwa: pakhale msoko wobwerezabwereza, kapena wa bokosi lokhala ndi X mkati. Mzere umodzi wa ulusi pamenepo sukhalitsa. Za mvula musadalire nsalu yokha, madzi amalowera m'misoko ndi m'zipi, choncho mapepala ndi zamagetsi muziyamba mwazikulunga m'pulasitiki.

Sindikunena kuti chobereka chimapambana paliponse. Chili ndi chofooka chachikulu: zipi zake zili kumene maso anu safika. Pamalo opanikizana anthu, wakuba amatsegula thumba lakunja inu osamva, ndipo mukatembenuka mumagunda nacho anzanu kumaso. Pamenepo chivuleni muchigwire kumanja, kapena muchivale kutsogolo. Chimachititsanso thukuta kumsana, ndipo kuti mutenge cholembera chokha mpaka muchivule. Ngati katundu wanu ndi foni, makiyi, kabuku ndi mapepala amene mumatulutsa pafupipafupi, osaposa makilo awiri, chokoleka paphewa ndicho choyenera. Lamba wake mum'dutsitse pachifuwa kuti chikhale kutsogolo kwa chiuno, ndipo muzisinthasintha phewa.