Putter ya disc golf imasankhidwa ndi dzanja, manambala amabwera pambuyo

Anzanga amene mwangoyamba kumene disc golf, masewera oponya chimbale m'basiketi ya matcheni, funso loti "putter yabwino ndi iti?" limafunsidwa tsiku ndi tsiku, ndipo mayankho ake amachuluka mpaka munthu kusokonezeka. Putter ndi chimbale chomalizira, choponyera m'basiketi muli pafupi. Wina akuti Aviar, wina akuti Luna, wina sakufuna kumva china chilichonse koma Wizard. Maganizo anga ndi akuti putter yabwino ndi yomwe imachoka m'dzanja mwanu mosakodwa, ulendo uliwonse chimodzimodzi. Zina zonse, manambala olembedwa pachimbale, dzina la kampani, katswiri yemwe amaigwiritsa ntchito, zimabwera pambuyo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mukaima mamita 5 kapena 7 kuchokera pa basiketi, chimbale chimakhala m'malere kanthawi kochepa kwambiri, moti sichipeza mpata woonetsa khalidwe lake lonse. Pa mtunda umenewu ma putter ambiri amauluka mofanana ndithu. Chomwe chimasiyanitsa kulowa ndi kuphonya ndi mmene chimbalecho chasiyirana ndi zala. Chikachoka chikunjenjemera, kapena chala chikachikoka pang'ono pomaliza, ngakhale chikhale chamtengo wapatali chotani, chipita kumbali basi.

Manambala anayi aja olembedwa pachimbale tiwadziwe, koma tisawapembedze. Loyamba ndi liwiro, ndipo ma putter ambiri amakhala pa 2 kapena 3. Lachiwiri ndi glide, kutanthauza mmene chimbale chimayandamira m'mwamba. Lachitatu ndi turn, kupotokera kumanja chikadali pa liwiro, kwa munthu woponya backhand (kumbuyo kwa dzanja kuli kutsogolo) ndi dzanja lamanja. Lomaliza ndi fade, kugwera kumanzere mphamvu ikamatha. Aviar ya Innova imalembedwa 2, 3, 0, 1. Judge ya Dynamic Discs ndi 2, 4, 0, 1, Wizard ya Gateway ndi 2, 3, 0, 2, pomwe Luna ya Discraft inatuluka italembedwa 3, 3, 0, 3. Mukuona nokha kuti sakutalikirana. Komanso manambalawa amaika ndi kampani yopanga, bungwe la PDGA loyang'anira masewerawa siliwayeza, ndiye 2 ya kampani ina siyifanana ndendende ndi 2 ya kampani inzake. Amayamba kukhala ndi tanthauzo mukadutsa mamita 10 kapena kunja kukachita mphepo.

Pomwe pali nkhani yeniyeni ndi pa mkombero. Tembenuzani putter muione kunsi. Ina ili ndi kamzere kotukuka kozungulira m'mphepete mwa mkombero, komwe osewera amakatcha bead, ndipo ina ndi yosalala. Judge ndi Wizard zili ndi bead. Luna, Warden ya Dynamic Discs ndi Pure ya Latitude 64 zilibe. Aviar imapezeka m'mitundu yonse iwiri: ya masiku onse ija ilibe bead yaikulu, koma KC Pro Aviar ili nayo. Kamzere kameneka kamagwira ntchito ziwiri. Kamapatsa chala chamkombaphala pokhala, moti munthu amagwira chimbale mofanana nthawi zonse osachita kuyang'ana. Kamathandizanso kuti chimbale chisataye msanga kaulukidwe kake, chifukwa chikamakhula pansi komwe kamayamba kuperepeseka ndi kamzereko. Vuto lake ndi loti kwa anthu ena bead imakoleka pachala pa nthawi yosiya chimbale, ndipo chimatuluka mochedwa n'kuthawira kumanja. Ngati mumaika mkombaphala kunsi kwa mkombero ndipo mumamva kukwecheka chimbale chikamachoka, yesani chopanda bead. Ngati mumauyendetsa m'mphepete mwa mkombero ndipo mumamva ngati chimbale chikuterera, bead ingakuthandizeni. Apa palibe amene angakusankhireni, chifukwa zala zathu zinabadwa zosiyana.

Kuya kwa mkombero n'kofunikanso chimodzimodzi, ngakhale kuti anthu sakukamba kwambiri. Ma putter ambiri ndi akuya pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi yokha dzanja limakumva bwino lomwe. Chimbale chakuya ngati Wizard kapena P2 ya Discmania chimadzaza m'manja, ndipo munthu wa zala zazitali amachimva kukhazikika. Wa manja ang'onoang'ono chimamuvuta, chifukwa zala zimalowa mkati kwambiri n'kuchedwa kutuluka. Iyeyu Pure kapena Envy ya Axiom, zomwe ndi zosaya, zimamukomera. Onaninso pamwamba pake. Ngati ndi pafulati, chala chachikulu chimakhazikika bwino ndipo chimbale sichinyamulidwa kwambiri ndi mphepo. Ngati pali chithumba, chimayandama kwambiri, zomwe zimathandiza pa putt (kuponya kolowetsa m'basiketi) yakutali koma zimasowetsa mtendere mphepo ikamachokera kutsogolo.

Ndiye musanagule, chigwireni. Bwerekani kwa anzanu pabwalo, osewera ambiri sakaniza. Chigwireni mmene mumagwirira poponya, muchiponye kasanu kapena kakhumi kwa mnzanu amene waima mamita asanu, osaganiza za basiketi. Maso akhale pachimbale chikangotuluka: kodi chikuyenda chosalala kapena chikugwedezeka ngati mbale yomwe ikufuna kugwa? Chomwe chatuluka chosalala musanachizolowere n'komwe, chimenecho n'chanu.

Za pulasitiki ndilankhule mosabisa: putter yoponyera m'basiketi ikhale ya pulasitiki wamba, osati wonyezimira uja. Ndikunena monga DX kapena KC Pro ya Innova, Classic ya Dynamic Discs, Zero ya Latitude 64, kapena Jawbreaker ya Discraft. Pulasitiki wotere amagwirika ngakhale m'manja muli thukuta kapena kukuwaza mvula, ndipo akagunda matcheni saterereka kwambiri. Wolimba wowala ngati Champion ya Innova amakhalitsa zedi, koma akanyowa amaterera, ndipo putt imafuna kugwira kopepuka komwe sikulola kuterera kulikonse.

Kenaka pamabwera mkangano wa chofewa ndi cholimba. Ambiri amakhulupirira kuti chimbale chofewa chimakakamira m'matcheni, ndipo Gateway imapanga mpaka mitundu ingapo ya kufewa chifukwa ofuna alipo. Phindu lomwe ndimaliona pa chofewa lili pansi: mukaphonya, chimagwa n'kukhala pomwepo, sichidumpha kapena kugudubuzika kutsetsereka mamita khumi. Koma chili ndi mtengo wake. Chala chachikulu chikachikanikiza chimapindika, ndipo sichipindika mofanana nthawi zonse, ndiye katulukidwe kake kamasinthasintha. Kukatentha chimalobodoka kwambiri, ndipo chikapanikizika m'chikwama kapena kusiyidwa m'galimoto padzuwa chimakhota osabwereranso bwinobwino. Cholimba chimatuluka mofanana, koma kukazizira chimauma gwa, n'kumadumpha chikamenya chitsulo. Kwa munthu woyamba ndimati atenge chapakatikati, chomwe mukachipinda ndi manja awiri chimagonja pang'ono n'kubwerera. Mukasewera miyezi ingapo dzanja lidzakuuzani lokha mbali yomwe likufuna.

Kulemera ndi nkhani yaifupi. Malamulo a PDGA amalola magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya kukula kwa chimbale, ndipo poti ma putter ambiri ndi a masentimita 21 ndi pang'ono, olemera kwambiri amathera pa magalamu 175 kapena 176. Munthu wamkulu atenge pakati pa 170 ndi 175. Cholemera chimalimbana ndi mphepo ndipo chimakankha matcheni n'kugwera mkati. Chopepuka, cha m'ma 150 mpaka 165, n'chabwino kwa ana ndi kwa amene mkono ulibe mphamvu zambiri, koma mphepo imachiseweretsa.

Kaponyedwe kanu kalinso ndi mawu pa nkhaniyi. Pali oponya spin putt, omwe amapinda chigongono n'kuchikwapula chimbale kuti chizungulire mwamphamvu, chikuyenda mzere wowongoka ngati muvi. Awa nthawi zambiri amakonda chosaya, chotuluka msanga, ndipo glide wochepa sawavuta chifukwa liwiro ali nalo. Pali oponya push putt, mkono wowongoka ukuchokera m'munsi, mphamvu ikuchokera m'miyendo, chimbale chikukwera pang'ono n'kutsikira m'matcheni. Awa chimbale chawo sichizungulira kwambiri, ndiye amafuna cholimba chomwe sichipindika, ndipo ambiri a iwo amamva bwino ndi chakuya. Anthu ambiri ali pakati pa ziwirizi. Sindikunena kuti ili ndi lamulo, koma likuthandizani kudziwa poyambira. Kumbukirani kuti mkati mwa mamita 10 lamulo silikulolani kudumpha kapena kugwera kutsogolo kudutsa chizindikiro cha pomwe chimbale chanu chinagwera musanaonetse kuti mwaima bwinobwino, choncho putter yanu iyenera kufika pa mamita 10 popanda inu kudziponya nayo limodzi. Ngati ikugwera pansi pa basiketi nthawi zonse pa mtunda umenewo, yesani ya glide 4.

Cholakwika chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi kuona munthu akugwiritsa ntchito putter imodzi pa zonse: yomweyo akuponyera pa tee, pamalo poyambira kuponya, yomweyo akuyandikirira basiketi m'mitengo, yomweyonso akumalizira. Pulasitiki wamba akamenya mtengo mwamphamvu amakumbika ndi kukhota, ndipo pakatha milungu yochepa chimbale chija chimayamba kupotokera kumanja, mkombero uli zipserazipsera zomwe zimakanda chala. Mwini wake amadabwa kuti putt yasokonekera pati, chonsecho wasintha si iye. Putter yomalizira isamenye mtengo. Yoponyera patali ikhale ina, ya pulasitiki wolimba, ndipo ingathe kukhala ya mtundu womwewo kapena wina. Envy imadziwika kwambiri pa ntchito imeneyi, ndipo ndi yomwe katswiri James Conrad analowetsa ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 75 pa dzenje lomaliza la mpikisano wa dziko lonse wa 2021 ku Utah. Palinso zimbale ngati Zone ya Discraft, 4, 3, 0, 3, ndi Berg ya Kastaplast, 1, 1, 0, 2, zomwe zimaikidwa m'gulu limodzi ndi ma putter pogulitsa. Zimenezi ntchito yake ndi kuyandikira basiketi: Zone imagwera kumanzere mwamphamvu, Berg siyandama n'komwe. N'zida zabwino kwambiri, koma musayambire pamenepo pofuna chomalizira.

Mukapeza mtundu wanu, musagule chimodzi. Gulani ziwiri zoyenda nazo m'chikwama, ndipo ngati mungathe, zisanu zophunzirira, zonse mtundu umodzi, pulasitiki umodzi, kulemera kosasiyana kuposa magalamu awiri. Ndi bwino kuzigula nthawi imodzi, chifukwa ngakhale fakitale yomweyo imatulutsa zosiyana pang'ono kuuma ndi chithumba kutengera nthawi yomwe zinapangidwa. Chilichonse chiikeni pa tebulo losalala muone ngati mkombero wonse ukukhudza pansi. Chogwedera ndiye kuti chinakhota. Yendetsaninso chala m'mphepete: kampeni kopyapyala ka pulasitiki kotsalira popanga kamakanda, ndipo kamatha kokha mukachigwiritsa ntchito. Malamulo amalola kupala pang'ono pomwe pakhakhala, koma salola kusintha maonekedwe a chimbale, ndipo chong'aluka sichiloledwa pa mpikisano. Lembani dzina kapena chizindikiro chanu kunsi. Ubwino wokhala ndi zisanu zofanana ndi woti mumaponya kasanu musanakatole, ndipo dzanja limaphunzira chinthu chimodzi m'malo mwa zisanu. Muzizisinthanitsa kuti ziperepeseke limodzi.

Pofuna kuyesa ngati mwasankha bwino, yezani mamita 5, 7 ndi 10, muponye maulendo 20 pa malo alionse, n'kulemba zolowa. Koma zophonya n'zomwe zimaphunzitsa zambiri, choncho lembaninso komwe zikupita. Ngati ndinu wamanja ndipo zambiri zikuthawira kumanja, chimbale chikuchedwa kutuluka, mwina bead kapena kuya kwake kukukukolani. Zikamagwera kumanzere zisanafike, liwiro lachepa kapena fade wakuchulukirani. Zikamamenya basiketi m'munsi, mwina mukusiya msanga kapena miyendo siikukankha. Zikamakwera n'kuima m'malere kenaka n'kugwa, mbali yakutsogolo ya chimbale ikutuluka itadzuka kwambiri, ndipo limeneli ndi vuto la dzanja, kusintha putter sikungalithetse. Chimodzimodzi ndi mphepo: yochokera kutsogolo imanyamula chimbale, yochokera kumbuyo imachigwetsa, ndipo izi zimachitika ndi putter iliyonse. Mukhoza kusunga ina ya fade wochulukirapo ya masiku a mphepo yamkuntho, koma pa mamita ochepera 7 kutsitsa kapena kukweza pomwe mukulunjika kumakwanira.

Ndipo mukasankha, dekhani nacho. Tsiku limodzi loipa si umboni woti chimbale chalakwa. Chipatseni mwezi wathunthu, ma putt osachepera 50 patsiku, kanayi kapena kasanu pa sabata, kenaka mubwereze mayeso aja a mamita 5, 7 ndi 10. Ngati zolowa zachuluka, musachisiyenso. Ngati chikukodwabe pachala chomwe chija, sinthani chinthu chimodzi chokha, bead, kuya kapena kuuma kwa pulasitiki, kuti mudziwe chomwe chathandiza.