Chenjezo kwa opita ku Put-in-Bay: kagalimoto ka gofu si chidole

Abale anga a ku Indiana, Michigan ndi Ohio, makamaka inu achinyamata amene mumakonza maulendo a gulu nyengo yotentha ikafika, ndimvereni. Ndayankhula nanu kuseri, ena ndinakuimbirani foni, koma ndaona kuti mawu anga akulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Lero ndiyankhula poyera kuti makolo anu amve nawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani ndi ya tigalimoto timene timabwerekedwa pachilumba cha South Bass, pa nyanja ya Erie ku Ohio, kumene kuli tauni ya Put-in-Bay. Eni dziko amati golf cart, chifukwa poyamba tinapangidwira osewera gofu kuti tiziwanyamula m'bwalo la udzu. Ambiri a inu mwapitako. Mumasiya galimoto ku Catawba, n'kukwera boti la Miller Ferry, mphindi ngati 20 zokha mwafika padoko la Lime Kiln. Ena mumakwera boti la Jet Express kuchokera ku Port Clinton. Mukangotsika, tigalimototi tili ndondondo kukudikirani, ta anthu awiri, anayi, asanu ndi mmodzi, ngakhale asanu ndi atatu. Chilumbacho ndi chaching'ono, m'litali mwake makilomita pafupifupi 6 basi, ndiye munthu akaona kagalimoto kopanda zitseko, kopanda magalasi m'mbali, mtima wake umamuuza kuti kuno ndi kosewera. Maganizo amenewo ndi amene ndabwera kudzatsutsa.

Chilimwe chathachi ndinapita nawo ndi gulu la kwathu kuno, anthu 15 ndi ana omwe. Ndinkafuna kuti adzukulu anga akaone chipilala chachitali cha Perry, chija cha mamita 107, chokumbukira nkhondo ya pamadzi ya pa 10 September 1813, pamene Oliver Hazard Perry anagonjetsa zombo za a ku Britain. Pansi pake panaikidwa akuluakulu a asilikali asanu ndi mmodzi, atatu a ku America ndi atatu a ku Britain, adani ogona manda amodzi. Ndinkafuna anawo amve zimenezo. M'malo mwake anaona magazi pamsewu.

Zinayamba padoko pomwe. Anyamata okonza ulendo anawerengera ndalama n'kunena kuti tibwereke tigalimoto tiwiri ta anthu asanu ndi mmodzi, ana azikhala pamiyendo. Ndinati ayi, tibwereke titatu. Anandiyankha kuti, "Agogo, musadandaule, pafupi pomwepa, tithithikana." Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako ndimakumva kuwawa mpaka lero. Munthu wamkulu akaona cholakwika n'kutseka pakamwa kuopa kuoneka wovuta, mlandu umamukhudza nayenso.

M'mawa zinayenda bwino. Masana titadya m'tauni, pafupi ndi DeRivera Park, ena analowa m'malo omwera, ati kungonyowetsa kukhosi. Potuluka, amene anagwira chiwongolero cha kagalimoto kakutsogolo sanali uja anasaina pepala m'mawa. Anali mnzake, maso atafiira pang'ono, akuseka mokweza. Kumpando wakumbuyo, uja woyang'ana kumene mukuchokera, kunakhala atsikana awiri ndi mwana wa zaka 7 pakati pawo. Mtsikana wakumphepete dzanja lina linali ndi foni, akujambula ife amene tinali m'mbuyo, lina likutibayibitsa. Sanagwire chitsulo chilichonse. Mnyamata uja anakhotera kumanzere osachepetsa liwiro. Ndinaona ndi maso angawa mtsikanayo akuchoka pampando ngati thumba la ufa, n'kugwa chagada pa phula. Kulira kwa mutu wake pogunda pansi sindidzakuiwala. Nsapato imodzi inatsala pakati pa msewu, foni ikujambulabe kumwamba. Mwana uja anapulumuka chifukwa mtsikana winayo anamukoka malaya.

Mulungu anatichitira chifundo, mtsikanayo ali moyo. Anasokedwa kumutu, dzanja linathyoka, ndipo kwa milungu ingapo sankatha kuyang'ana kuwala. Koma dziwani ichi: pachilumbacho palibe chipatala chachikulu. Alipo a ambulansi amene amathandiza mwachangu, koma munthu akavulala kwambiri amayenera kuwolotsedwa kumtunda, pa boti kapena pa helikopita. Inu amene mumakhala ku America mukudziwa chimene bilu ya helikopita imatanthauza kwa wophunzira kapena kwa mlendo wochokera kumudzi amene alibe inshuwaransi yokwanira. Ndalama imene tinkapulumutsa pokana kagalimoto kachitatu siinafike ngakhale pa mtengo wa bandeji.

Tsono mvetsani mmene kagalimotoka kalili. Ndi kopepuka, kafupi m'mimba mwake, ndipo anthu amakhala pamwamba. Mukadzaza anthu, kulemera konse kumakhala m'mwamba, ndiye pokhota kamafuna kupendama. Woyendetsa ali ndi chiwongolero chogwira, sagwa msanga. Amene amaponyedwa kunja ndi wokhala kudzanja lamanja kagalimoto kakakhotera kumanzere, komanso a kumpando wakumbuyo, amene saona n'komwe kuti kutsogolo kukubwera kona. Tambiri mwa tigalimototi mabuleki ake amagwira matayala akumbuyo okha, choncho potsetsereka katalemedwa sikaima pamene mukufuna. Musanyengedwe ndi liwiro lochepa. Munthu wogwa panjinga ya kabaza pa msewu wa miyala amatha kufa ngakhale njingayo sinali kuthamanga. Mutu wa munthu sufuna liwiro lalikulu kuti usweke.

Ndikudziwa kumene khalidweli likuchokera. Tinakulira m'matola, pamwamba pa matumba a chimanga, miyendo ili lende kunja. Tinazolowera kondakitala akunena kuti "anayi anayi, sendezani" pampando wa anthu atatu. Kumudzi tinkachita zimenezo chifukwa cha kusowa, galimoto inali imodzi patsiku. Ndipo tisaiwale maliro angati tinaika chifukwa cha matola omwewo. Kuno palibe chokukakamizani. Tigalimoto tilipo tambiri. Ngati gulu lilibe ndalama ya kagalimoto kokwanira onse, ena ayende pansi, ena abwereke njinga, kapena mukwere basi yochoka padoko kupita m'tauni. Palibe manyazi pamenepo. Manyazi ndi kuimbira mayi wa mwana foni kumudzi usiku kuti mwana wawo ali m'chipatala ku Toledo chifukwa tinkaumira.

Tsopano za mowa, ndipo pano ndikweza mawu. Ku Put-in-Bay kagalimoto ka gofu ndi galimoto pamaso pa lamulo. Kali ndi nambala yake, kamayenda m'misewu ya boma, ndipo woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi. Lamulo la Ohio loletsa kuyendetsa utaledzera, limene iwo amalitcha OVI, limagwira ntchito pa kagalimotoka chimodzimodzi ndi pa lole. Malire a mowa m'magazi ndi 0.08 peresenti, omwewo a kumtunda. Botolo kapena kapu ya mowa yotsegula m'kagalimoto ndi mlandu pawokha, ngakhale ili m'manja mwa wokwera. Apolisi alipo, ndipo kumapeto kwa sabata nyengo yotentha amakhala tcheru chifukwa amadziwa chimene anthu ambiri amabwerera. Wopezeka wolakwa koyamba amakhala masiku osachepera atatu m'ndende kapena ku maphunziro okakamiza, ndipo laisensi imalandidwa kwa chaka kapena kuposerapo.

Kwa mbadwa ya dziko lino, zimenezo n'zowawa koma zimatha. Kwa iwe mwana wanga amene uli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, nkhani ndi ina. Boma la America limatha kuthetsa viza ya munthu chifukwa chongomangidwa pa mlandu woyendetsa ataledzera, khoti lisanagamule n'komwe. Upita kumudzi ku maliro kapena ku ukwati, pobwerera upeza khomo latsekeka, uyambirenso ku ofesi ya kazembe, ndi kupimidwa ndi dokotala komwe. Makolo ako anagulitsa ng'ombe, ena anagulitsa malo, kuti ufike kuno. Uwauza chiyani? Kuti zaka zonse zija zathera pa kagalimoto koyenda ngati njinga, pa ulendo wa tsiku limodzi?

Ndipo musandiuze kuti "ndangomwa awiri okha, ndili bwinobwino." Aliyense amene ndinamuona akugwetsa munthu ananena mawu omwewo. M'mimba mopanda nsima, mowa umakwera msanga kuposa kunyumba. Pa Catawba Avenue pali Heineman's, malo opangira vinyo akalekale, kumene kulinso phanga lokongola la Crystal Cave. Pitani mukaone, ana amasangalala nalo. Olawa vinyo alawe. Koma woyendetsa amwe madzi a mphesa osawira, amenenso amagulitsidwa pomwepo.

Pali chinanso chimene achinyamata simuchiwerenga: pepala limene mumasaina pobwereka. Dzina limene lili pamenepo ndi limene lidzafunsidwe kagalimoto kakaphwanyika kapena kakagunda munthu. Ukapereka kiyi kwa mnzako amene sanalembedwe, walola kusenza mlandu wake. Tsiku lija, mnyamata amene anasaina sanamwe ngakhale dontho, anali kumbuyo ndi ife atanyamula mwana. Koma mafunso onse ndi ndalama zonse zinagwera iye. Iye ndi mnzake uja anakulira mudzi umodzi, lero salankhulana. Ndiye palinso makolo ena, ndawaona, amene amakhazika mwana wa zaka 12 pachiwongolero kuti amujambule, ati aphunzire. Bambo, msewu umenewo mukudutsa mabasi, mataksi, malole obweretsa katundu m'masitolo, ndi alendo ena mazanamazana amene nawonso sanayendetsepo kagalimoto kotere. Mwana wanu mukamuphunzitse kwina.

Kwa alendo ochokera kumudzi amene mwabwera kudzaona ana anu, ndikupemphani mwaulemu, musagwire chiwongolero. Kwathu timayenda kumanzere, kuno amayenda kumanja. Mungakhale mwayendetsa zaka 30 pa M1 popanda ngozi, koma pa mphambano, munthu akadzidzimuka, manja amabwerera ku zimene anazolowera. Ana anu akamakuumirizani kuti "Adadi yesani, n'kophweka", kanani. Khalani pampando wakutsogolo, gwirani chitsulo, onani nyanja.

Kumbukiraninso kuti pachilumbacho pamakhala anthu. Pali sukulu, pali matchalitchi, pali nkhalamba zimene zimakhala pamenepo chaka chonse, ngakhale nyanja ikaundana. Tangoganizani gulu la alendo litafika ku Likoma n'kumathamangitsana pafupi ndi tchalitchi cha St Peter's, nyimbo zili pamwamba, akukuwa, akuima pakati pa njira kuti ajambulane. Tingawatche chiyani anthu oterowo? Ine ndinaona tigalimoto tathu tiwiri tikuyenda mbali ndi mbali pa Langram Road, anyamata akupatsirana chakumwa uku tikuyenda, galimoto ya mayi wina wa pachilumba ili m'mbuyo ikulephera kudutsa. Mayiyo sanaimbe huta, anangotiyang'ana. Ndinaweramitsa mutu. Mudziwe kuti tikalakwa kuno sanena dzina la munthu mmodzi, amatinena tonse.

Madzulo ndi nthawi inanso yoopsa. Nthawi yobweza kagalimoto yayandikira, boti lomaliza latsala pang'ono kunyamuka, wina wasowa m'tauni, wina akufuna chithunzi chomaliza ku nyumba ya nyali kunsonga kwa chilumba. Mukamupeza wosowayo, aliyense akukuwa kuti "ponda, ponda, tisiyidwa!" Woyendetsa watopa, dzuwa likumuthobwa m'maso, okwera aledzera. Funsani nthawi ya boti lomaliza mukangofika m'mawa, ndipo mudziikire kuti mukwera lapatsogolo pake.

Chaka chamawa ulendo ukakonzedwanso, ine ndidzapita, ndipo ndikunena lero zimene ndidzachite. Tisanakwere boti ku Catawba, tidzaima pamalo oimika magalimoto n'kuwerengana. Mpando umodzi, munthu mmodzi, mwana nayenso ndi munthu. Kagalimoto kalikonse kadzakhala ndi woyendetsa mmodzi wotchulidwa dzina pamaso pa onse, wa laisensi, amene wavomera kuti tsiku limenelo mowa salawa, ndipo chakudya chake tidzamulipirira ndife. Ana adzakhala mkati, pafupi ndi munthu wamkulu, kumpando woyang'ana kutsogolo, ndipo pamene pali malamba adzamangidwa. Wofuna kujambula adzanena, tidzaima pambali. Amene adzati agogo akuvuta, adzatsala ku Catawba kudikira magalimoto. Mayi a mtsikana uja anandifunsa pa foni kuti, "Inu munali pomwepo, bambo, munalola bwanji?" Ndinalibe yankho, ndipo funso limenelo sindikufuna kudzalimvanso kuchokera kwa mayi wina.