Mwaiwala chimbalangondo chija

Nkhani yanu ya ulendo wa Lewis ndi Clark, amene anatsogolera gulu lofufuza madera a kumadzulo kwa America mu 1804 mpaka 1806, ndaikonda koma mwangotchula njati basi, za chimbalangondo chachikulu cha mtundu wa grizzly bwanji? Mu May 1805 ku mtsinje wa Missouri anthu 6 a m'gululi anachizembera chimodzi ndi mfuti zawo zija zagogodela, zoti ukaomba kamodzi uyambenso kuthira onga, ndiye anachilasa koma m'malo mogwa chinawatembenukira, ena mpaka kutaya mfuti nkudumphira mmadzi icho nkuwatsatira momwemo. Atachipha anapeza zipolopolo 8 zitalowa mthupi. Eish, ine ndikanabwerera kwathu tsiku lomwelo.

Ndiye kadyedwe ka anthuwa abale, Lewis analemba kuti gulu lija pa tsiku limafuna njati yathunthu kapena agwape 4. Njati zomwezo zinali mamiliyoni nthawi imeneyo koma pofika 1889 zamtchire zinatsala zosakwana 1,000, alenje obwera pambuyo ankangosenda chikopa nyama nkuisiya iwole.

Chimandiseketsa ndi cha mu August 1806, Cruzatte, mmodzi wa gululi wa diso limodzi, anaombera bwana wake Lewis pathako akuyesa ndi nyama ya elk (mtundu wa gwape wamkulu) poti Lewisyo anavala zikopa. Ulendo wobwerera masiku angapo Lewis anayenda chogona chafufumimba mubwato kkkk.