Chenjezo kwa akabaza ndi ife owakwera kuno ku Zomba

Ana anga a kabaza, ndi inu amayi ndi abambo amene mumawakwera, lero ndilankhula nanu monga kholo, wokwiya akwiye.

Lachinayi madzulo, chisisira chitangoyamba, ndinkachokera kumsika wa Chinamwali ndi kajumbo kanga ka matemba. Njinga yamoto inandidutsa ngati mphepo, nyali yosayatsa, itanyamula anthu anayi: woyendetsa, kamwana ka yunifolomu kali pa thanki, mayi pambuyo, khanda kumsana kwa mayiyo. Chipewa choteteza mutu chili lendelende pa handulo. Ndisanapite patali ndinangomva chiphokoso. Minibasi inaima mwadzidzidzi kuti itsitse munthu, mnyamata uja poti aizembe anakawombana ndi njinga yakapalasa yonyamula makala. Mulungu anachita chifundo, ana onse awiri anapulumuka ndi mabala ochepa. Koma mayi uja mwendo unathyoka, moti tinachita kumunyamula pa chitenje kumukweza m'galimoto ya munthu wina wachifundo wopita kuchipatala. Usiku umenewo nsima inandikanika.

Kodi msewu umene mukuthamangamowu mumaudziwa? Uwu ndi M3, wochokera ku Blantyre kudzera pa Namadzi ndi pa Thondwe, n'kudutsa pakati penipeni pa tauni yathu kupita ku Domasi, ku Liwonde mpaka ku Mangochi. Tauni ino anaimanga atsamunda m'tsinde mwa phiri galimoto zili zowerengeka, ndipo ngakhale inali likulu la dziko mpaka 1975, ife amene tinalipo tikukumbukira kuti munthu unkatha kuwoloka msewu uli phee. Lero mumsewu womwewo muli mathiraki, mabasi, masienta, maminibasi, inu a njinga zamoto, anzanu a kapalasa, ophunzira a ku yunivesite opita ku Chikanda, ana a sukulu, odikirira odwala atasenza mabasiketi a chakudya kupita ku Zomba Central. Anthu achuluka, phula ndi lomwe lija. Pamalo othinana chonchi, mpikisano wanuwo ndi wa chiyani?

Tamverani, poti ena mwa inu munaphunzira njinga pa bwalo la mpira masiku awiri, lachitatu mwayamba kunyamula anthu. Njinga ikamathamanga makilomita 50 pa ola, pa sekondi imodzi yokha imakhala itayenda mamita pafupifupi 14. Sekondi imeneyo ndi imene imatha diso litaona mwana mumsewu, dzanja lisanafinye buleki. Ukafika pa 80, ndi mamita 22. Ndipo liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda woti uime utagwira mabuleki sukhala kawiri ayi, umakhala kanayi. Onjezanipo kulemera kwa anthu atatu ndi thumba la chimanga, matayala akutha aja, komanso mvula ya kuno ku Zomba imene imatsika ndi mchenga kuchokera kuphiri n'kuuyala pa phula. Pa mchenga tayala la njinga siligwira, mungakhale katswiri chotani. Fulumira adadya gaga, ana inu.

Ndikudziwa, musaganize kuti sindikudziwa. Njinga ndi ya bwana, madzulo akufuna ndalama yake yokwanira, mafuta adula, kunyumba mkazi akudikira ya ndiwo. Ntchito kulibe, ndipo ine ndimalemekeza mnyamata amene wasankha kabaza m'malo mwa kuba. N'chifukwa chake mtima ukundiwawa. Mukathyoka msana bwanayo njinga aipereka kwa mnzanu mawa lomwe, inu mutsala pamphasa amayi anu okalamba akukutembenuzani. Lamulo la pamsewu limafuna laisensi, nambala, inshulansi ndi chipewa kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Chipewacho sichinapangidwire apolisi, kuti muzichivala mukaona yunifolomu pa rodibuloko n'kuchivula mukadutsa. Mutu ukamenya phula, fupa la m'mutu silichedwa kusweka, ndipo ubongo adokotala sausoka ngati bala la pamwendo. Valani, mumange ndi lamba wake wa pachibwano, poti chosamanga chimauluka munthu asanagwe.

Koma mlandu waukulu ndauika pa ife okwera. Ndife amene timati, "Tikwera awiri, utichotsereko." Ndife timamenya mnyamata paphewa, "Achimwene thamangani, ndachedwa." Munachedwa kunyumba kwanu, lero mukufuna mwana wa eni akubwezereni nthawi ndi moyo wake? Inu amayi, mwana munamusenza miyezi isanu ndi inayi, mukumupereka kwa munthu amene simukumudziwa ndi dzina lomwe, maso ali psuu, fungo la kachasu likumveka, mukumukhazika pa thanki popanda pogwira. Ndalama imene mwapulumutsa pokwera atatu siikwana ngakhale thiransipoti ya tsiku limodzi yokazonda wodwala. Mukakana kukwera wopanda nyali ndi chipewa, mawa agula. Iwo amatsata zimene ife tikulola.

Anzathu a kapalasa, makamaka inu otsika ndi nkhuni kuchokera kuphiri, mtolo wotalika kuposa mwini wake, buleki yanu n'kuponda tayala ndi patapata: konzetsani mabuleki, mumate chonyezimira kumbuyo. Mumdima dalaivala amakuonani atafika kale pa inu. Oyenda pansi nanunso, galimoto kuno zimayenda kumanzere, choncho yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi zimene zikubwera. Ndimaona achinyamata akuwoloka makutu atatseka ndi zomvera nyimbo, maso pa foni, hutala ikulira osamva. Madalaivala a minibasi ndi sienta, munthu akangokweza dzanja mwaima pomwepo, theka la galimoto lili mumsewu, indiketa osayatsa. Ngozi ya Lachinayi ija inayambira pamenepo.

Kwa akhonsolo ndi oyang'anira misewu, pempho langa ndi ili. Munthu sayenda mu phula chifukwa chokonda, amalowamo chifukwa m'mbali mwadzaza tomato, kaunjika ndi ngalande. Tipatseni kanjira ka oyenda pansi, malo otakasuka oti minibasi izipatukira potsitsa anthu, mizere yowolokera yooneka bwino pafupi ndi sukulu, msika ndi chipatala, mahampu olembedwa penti, ndi magetsi a mumsewu oyaka usiku uliwonse. Ndipo inu matcheyamani a masiteji, anyamata anu mumawadziwa mmodzimmodzi, woledzera mumamudziwa, wopanda nyali mumamudziwa. Mumatha kuthamangitsa mlendo wobera makasitomala pa siteji panu, mukulephera bwanji kuimitsa amene akupita kukapha munthu?

Anthu atabalalika tsiku lija, ndinaona kansapato kakuda ka kamwana kaja kali m'ngalande, ka phazi lakumanzere. Ndinakatola, ndakatsuka, kali kunyumba kwanga. Amene mukulidziwa banja limeneli muwauze, mwanayo asapite kusukulu wopanda nsapato. Loweruka m'mawa ndikhala pa siteji ya Chinamwali nako, ndipo ndikufuna ndikakumane ndi atcheyamani.