Udindo wa achinyamata sutha mlendo wolemekezeka akachoka

Nkhani ya achinyamata ndi kusintha kwa nyengo ikatchulidwa, ambiri timaona m'maganizo gulu la anyamata ndi atsikana ovala malaya ofanana, aliyense atagwira mbande, akujambulidwa pambali pa mlendo wolemekezeka. Kubzala mitengo sindikutsutsana nako, koma chimandipweteka ndi chakuti udindo wa achinyamata timauthera pomwepo, chikhalirecho ntchito yeniyeni imayamba mlendoyo atachoka, pamene mbande ija ikufunika kuthiriridwa m'chilimwe, kutchingiridwa kuti ziweto zisaidye, ndi kulambuliridwa moto wolusa usanafike.

Kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi udindo umene mbali yake yaikulu ili m'manja mwa mayiko a mafakitale ambiri, pakuti Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana 4 peresenti ya umene dziko lonse limatulutsa. Koma kusintha kalimidwe, kamangidwe ka nyumba ndi kasungidwe ka madzi kuti zigwirizane ndi nyengo imene yasintha kale, imeneyo ndi ntchito ya aliyense. Chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba kaundula wa kutentha, ndipo mwana wobadwa mu 2010 adzakhala ndi zaka 40 zokha mu 2050. Iyeyo ndiye adzakhale akulima, kumanga ndi kulera ana mu nyengo imeneyo, choncho kumutchula mtsogoleri wa mawa n'kumusiya panja pa zokambirana za lero ndi kumulakwira.

Zimene zinachitika ku Bangladesh zimandiphunzitsa zambiri. Mu 1970 namondwe anapha anthu pafupifupi 300,000 m'dera limenelo. Pambuyo pake boma ndi bungwe lothandiza anthu pa ngozi la Red Crescent anakhazikitsa gulu la anthu ongodzipereka m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Chenjezo likamveka, anthu amenewa amakweza mbendera, amayenda wapansi kapena pa njinga ndi zimkuzamawu, amagogoda khomo ndi khomo, ndipo nkhalamba, amayi oyembekezera ndi anthu aulumali amawaperekeza mpaka ku nyumba zolimba zothawirako. Namondwe Amphan atafika mu 2020, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa nthawi ilipo, ndipo amene anafa m'dzikolo sanakwane 100. Akatswiri a zanyengo angathe kulosera molondola, koma chenjezo likathera pa foni silipulumutsa gogo amene alibe foni. Pafunika wina wodziwa kuwerenga uthengawo, kuufotokoza m'chilankhulo chimene gogoyo amamva, komanso wamphamvu zomubereka ngati sangathe kuyenda. Ndani ali woyenera ntchito imeneyi kuposa wachinyamata?

Sindikunena kuti nzeru zonse zili mu foni. Ku Niger, kuyambira zaka za m'ma 1980, alimi anasiya kutentha ndi kuzula zitsa m'minda yawo. Chitsa chikaphukira, mlimi amasankha mphukira zochepa zamphamvu, n'kudula zinazo, ndipo popeza mizu yake ndi yakale ndi yozama, mtengo umakula msanga kuposa mbande yochokera ku nazale. Mwa njira imeneyi mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Amene amadziwa dzina la chitsa chilichonse, mtengo umene umabwezeretsa chonde ndi umene masamba ake ziweto zimadya pa nthawi ya chilala, ndi akuluakulu. Wachinyamata amene satenga chikwanje kupita nawo kumunda adzakhala ndi satifiketi ya zachilengedwe koma osadziwa mphukira yoyenera kusiya. Paja akulu ndi mdambo mozimira moto.

Ndipo mawu a achinyamata amafika kutali akakhala ndi luso pambuyo pake. Mu 2019 ophunzira zamalamulo pa University of the South Pacific ku Vanuatu, poona nyanja ikulowerera zilumba zawo, anayambitsa ganizo loti nkhani ya nyengo ipite ku khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Boma la Vanuatu linaitenga nkhaniyo, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza mu 2023, ndipo mu 2025 khotilo linanena kuti mayiko ali ndi udindo wa pamalamulo woteteza nyengo. Ophunzirawo anapambana chifukwa anawerenga malamulo ndipo sanatope kwa zaka zingapo.

Chimene chimalepheretsa achinyamata ambiri si ulesi monga ena amanenera. Munthu sangasamalire mtengo zaka khumi pa munda umene sakudziwa ngati adzaulima chaka chamawa, ndipo sangagule pampu yothirira yoyendera dzuwa ngati banki ikufuna chikole chimene alibe. Atsikana ndiwo amavutika koposa, chifukwa chitsime chikauma ndiwo amayenda mtunda wautali, ndipo nthawi zambiri ndiwo amayamba kusiyitsidwa sukulu banja likasowa chakudya. N'chifukwa chake ndikupempha maboma, mafumu ndi mabungwe kuti m'makomiti okonzekera ngozi ndi ogawa ndalama za nyengo mukhale achinyamata, atsikana pamodzi ndi anyamata, okhala ndi mphamvu yovota ndi yoona mabuku a ndalama, ndiponso kuti malo olima ndi ngongole zing'onozing'ono ziziperekedwa m'maina awo.