Chenjezo kwa ana osintha masipuling'i mwaphuma

Ana anga, makamaka inu a ku Ulongwe, a ku Moatize ndi a mumzinda wa Tete amene mwayamba kukonda tigalimoto takale ta mipando iwiri, tcherani khutu. Ine ndakalamba ndi girisi m'zikhadabo. Maso akutha, sipanala yaikulu sindingathenso kuikoka, koma galimoto ikamabwera chapatali ndimadziwabe ngati yaima bwino kapena ayi. Zimene ndaona pakhomo panga pomwe mwezi uno ndakhala ndikuzimeza, lero zandikwana.

Mwana wa mlongo wanga adagula MGB yakale kwa munthu wina ku South Africa. Ndi ya denga lansalu, mabampala ake ndi achitsulo chonyezimira. Galimoto yokongola, sindikana. Tsiku lina ndidangomva kulira kwa injini pabwalo, potuluka n'kupeza chinthu chaima mphuno pansi, kumbuyo m'mwamba, ngati nkhuku yojompha madeya.

"Amalume, mwaiona? Ndaika masipuling'i atsopano onse anayi."

"Ndaona, mwanawe. Nanga yaimiranji chonchi?"

"Itsika yokha, amalume. Ndaikamo kale mankhwala."

Atatsegula buti ndidapeza mankhwalawo: matumba awiri a simenti, lililonse la makilogalamu 50. Mwana ameneyu adachoka nawo ku Moatize, kudzera msewu wa N7 mpaka pa Mussacama, n'kukhotera msewu wokwera kuno ku Angónia, mkazi wake ali pambali pake. Ndidakhala pansi pampando osayankhula. Makilogalamu 100 ataikidwa kumbuyo kwa matayala akumbuyo amapepukitsa kutsogolo, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo pokhota mchira wa galimoto umafuna kupitirira mutu. Galimoto yonseyo imalemera pafupifupi tani imodzi basi. Pansi pa buti pomwepo, pamene adaunjika simentiyo, ndi pamene pali thanki ya petulo. Amene mumadziwa zigulugulu ndi mapiri a njira imeneyo, malole a mbatata akutsika nanu mukukwera, ganizani nokha.

Sindikumuika mphwangayu pa mbalambanda pofuna kumuchititsa manyazi, wandilola yekha. Ndikulemba chifukwa zimene adachitazo ndi zomwe ambiri a inu mukuchita pansi pa mitengo ya mango, foni kudzanja limodzi, sipanala kudzanja linalo.

Kulakwa kudayambira pogula. MGB idapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Zaka zonsezo dzina lidali limodzi koma galimoto idasintha. Mu 1965 kudabwera MGB GT, ya denga lachitsulo ndi chitseko chakumbuyo, yolemererapo, motero masipuling'i ake ndi olimbirapo. Chakumapeto kwa 1974, pofuna kutsata malamulo a ku America, adachotsa mabampala achitsulo n'kuika akuda a rabala olemera kwambiri, galimoto n'kuikweza ndi inchi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye mukamva wogulitsa akuti "ndili ndi masipuling'i a MGB", funso ndi lakuti: a MGB iti? Ya chaka chiti, ya denga lanji, ya bampala yanji? Mphwangayu adangoona chithunzi pa intaneti, mtengo n'kumukomera, n'kutumiza mametikali ake. Titafukula katoni m'zinyalala za m'buti tidapeza pepala lolembedwa GT. Safunsa adadya phula. Akadangowerenga nambala ya chesesi n'kuitumiza kwa wogulitsa, nkhaniyi sikadafika kuno.

Ndidamufunsanso kuti asanamasule kanthu adayeza msinkhu wa galimoto? Adandiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina. Apa ndiye pamandipweteka mtima, chifukwa tepi ndi pensulo n'zotchipa kuposa botolo la mowa. Galimoto imayezedwa ili pamalo osalala, pa simenti, osati pabwalo lokumbika ndi mvula. Mpweya wa matayala ukhale wofanana, buti ikhale ndi zimene imanyamula masiku onse, tayala lapadera ndi jeke, petulo mudziwe kuti ndi wochuluka bwanji. Muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo pang'ono kuti matayala amasuke. Kenako yezani kuchokera pakati penipeni pa gudumu kufika pa mkombero wa bodi pamwamba pa tayala, ngodya zonse zinayi, mulembe. Osayezera pansi, chifukwa tayala lophwa kapena lakutha likunamizani. Popanda manambala anayi amenewo, mukasintha masipuling'i mudziwa bwanji kuti yakwera ndi zingati? Mumangoti "yakwera kwambiri". Mwina masipuling'i akale adali atafooka zaka makumi anayi, maso anu n'kuzolowera galimoto yogona, ndipo atsopanowo angoibwezera pamene idabadwira. Zimenezo zimachitika. Koma muyenera kutsimikiza ndi tepi ndi buku la galimotoyo, osati ndi maganizo a anzanu a pa WhatsApp.

Tsopano nachi chimene ndikufuna chikuloweni m'mutu, chifukwa ngakhale amakaniko ena a ndevu zawo amachiphonya. M'maso mwa sipuling'i yakumbuyo, ndi m'mikono yogwira magudumu akutsogolo, muli mabushi a rabala. Rabala ameneyu sazungulira ngati beringi. Bawuti ikamangidwa, kachitsulo kapakati kamagwidwa nji, ndipo gudumu likamakwera ndi kutsika rabalayo amangopotoka ngati mukufinya chovala chochapa. Mukamanga mabawuti galimoto ili m'mwamba, magudumu ali lende, mabushi amagwira pamalo olendewerawo. Mukaitsitsa, onse amapotoka nthawi imodzi n'kumalimbana ndi kulemera kwa galimoto, kuikankhira m'mwamba. Galimoto imaima motukuka, imagunda ngati ngolo, ndipo pakapita miyezi yochepa rabala uja amang'ambika chifukwa sapuma usana ndi usiku. Dzuwa la ku Tete limene limaphika rabala ngakhale wosalakwiridwa limangomalizitsa. Mwambo wake ndi uwu: mangani mabawuti mongogwiriza, tsitsani galimoto iime pa matayala ake, igwedezeni, ikankheni, kenako ndiye mumange komaliza kulemera konse kuli pansi. Ngati simungakwane pansi pake, pitani pa dzenje la pagaraja kapena ikwezeni pa matabwa ochindikala, anayi ofanana. Mphwangayu adamanga zonse ili m'mwamba, adaonjezeranso paipi ku sipanala kuti zilimbe bwino. Tidangomasula mabawutiwo ili pansi, galimoto idalira "kwee" n'kutsika tikuona.

Sipuling'i yatsopano nayo imafuna nthawi kuti ikhazikike. Yendani nayo modekha masabata angapo, muyezenso, mumangenso mabawuti okhota aja omangirira difu, chitsulo chopingasa chogwira magudumu akumbuyo, ku masipuling'i, chifukwa mapadi ake akaphwanyika pang'ono amamasuka. Koma musanamizane kuti kudikira kumachiza zonse. Sipuling'i yoyenera imatsika pang'ono chabe. Ya galimoto ina, olo mudikire mpaka Zambezi ataphwa, ikhalabe ya galimoto ina.

Ndiye pali gulu lina, ili ndiye limandiwiritsa magazi: a galayinda ndi a moto. Galimoto ikakwera kutsogolo amatulutsa sipuling'i yopiringiza ija, kuno ena timati mola, n'kudula mkombero umodzi kapena iwiri. Ena saitulutsa n'komwe, amangoiwotcha ndi moto wa gasi ili pomwepo mpaka itafiira n'kufwamphuka, anzawo akuwomba m'manja. Ana inu! Chitsulo cha sipuling'i chidaphikidwa ndi kuziziritsidwa mwa muyeso ku fakitale kuti chizipindika n'kubwerera. Mukachiwotcha mwachipha. Chipitiriza kufooka, mbali ziwiri sizidzafanana, ndipo tsiku lina chidzathyoka pa dzenje muli pa liwiro. Kudula nako kuli ndi msampha wake. Mikombero ikachepa sipuling'i imauma, ndipo nsonga yodulidwayo siikhalanso bwino m'mbale yake. Ikafupika kwambiri, gudumu likalendewera podumpha bampu imatha kusuntha pamalo. Komanso pa MGB sipuling'i yakutsogolo ili mkati mwa mkono, kutali ndi gudumu, ndiye mukachotsa pang'ono pa sipuling'i, ku gudumu kumatsika kochuluka kuposa pamenepo. N'chifukwa chake odula amadabwa galimoto itagwada, ekisozi ikukwekwereza pansi. Ndiye muyende nayo bwanji pa malomba, mabampu aja a m'matauni mwathumu? Poto wa oyilo akaboola, injini ya zaka makumi asanu ija muipeza kuti ina?

Anzawo a mbali inayo amati misewu yathu ndi yokumbika, bola ikwere, n'kutenga chitsulo chimodzi cha sipuling'i ya Hilux kuchilowetsa pakati pa za MGB. Maganizo ofuna mpata pansi ndimawamvetsa, inenso ndimayenda misewu yomweyi. Koma suzumirani kumbuyo kwa MGB muone malamba awiri ogwira difu kuti isatsike mopyola. Galimoto ikaima bwino malambawo amakhala omasuka. Ikakwera mopitirira amakhala atakungika galimoto ili chiimire, kutanthauza kuti gudumu lilibenso potsikira. Mukafika pa dzenje, m'malo moti tayala litsike kukagwira msewu, limanyamuka, ndipo tayala lili m'malere silikhota, silimanga buleki. Wina akaona lamba likumuletsa amalidula. Ukatero chimene chatsala kugwira difu ndi mashoko ndi kapaipi ka rabala ka mafuta a buleki. Kakaduka kameneko mukaimira pa mtengo wa bulugamu.

Amene muli ndi Triumph Spitfire, ndamva kuti iliko ina kumzinda, inu ndiye muope kawiri. Kumbuyo kwake kuli sipuling'i imodzi yopingasa yomangidwa pamwamba pa difu. Ikakweza galimoto, matayala akumbuyo amapendekera mkati chakumunsi ngati miyendo ya matewe, ndipo pokhota mwamphamvu tayala lakunja limatha kupindikira pansi pa galimoto. Vutoli lidadziwika kalekale pa zoyambirira zija, mpaka mu 1970 opanga adasintha kamangidwe ka sipuling'iyo pa Mark IV. Musabweze ndi manja anu chimene eni ake adachithawa.

Galimoto ikapendekera mbali imodzi musathamangire kunena kuti sipuling'i ya pamenepo ndi yoipa. Onani kaye ngati nsonga yake yakhala m'malo mwake m'mbale. Kumbukiraninso tebulo la miyendo inayi: ngodya yakumbuyo kumanzere ikafooka, yakutsogolo kumanja imaoneka yokwera. Pa galimoto zakalezi fufuzani dzimbiri pamene sipuling'i yakumbuyo imagwira bodi, chifukwa MGB ilibe chesesi yapadera, bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndipo chitsulo chikadyeka pamenepo palibe sipuling'i ingawongole. Masipuling'i amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere limodzi. Mashoko musawanamizire mlandu, a MGB ndi a mkono okhala ndi oyilo mkati, ntchito yawo ndi kuletsa kudumphadumpha, sanyamula galimoto.

Za jeke ndinena mwachidule chifukwa ndanena kwa zaka zambiri mpaka pakamwa kuuma. Achipwitikizi adaitcha makako, kutanthauza pusi. Inu mungagone pansi pa tani yachitsulo itagwiridwa ndi pusi? Njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Gulani masitandi achitsulo, ikani miyala kumatayala otsala pansi. Ndipo sipuling'i yopanikizidwa ndi mfuti yotchera. Ndidaonapo ikuthawa m'manja mwa mnzanga tili anyamata, idaboola lata la denga, iye mpaka lero zala ziwiri sizipinda. Kuimanga ndi waya kapena chingwe cha katundu, monga ndikuonera ena, ndi kuitana anamalira.

Msinkhu ukasintha, kaimidwe ka matayala akutsogolo kamasinthanso, ndiye zonse zikakhazikika pitani mukapangitse alayimenti, apo ayi matayala atsopano adyeka mbali imodzi musanafike pa Zóbuè kawiri. Muonenso nyali. Kumbuyo kukakwera zimaunika pamphuno pomwepa, wanjinga wonyamula makala mumamuona mutamufika kale. Kukatsika zimathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo.

Ndikudziwa ena muti tsobola wakale sawawa, madalawa akutichedwetsa. Nenani. Mphwangayu nayenso poyamba adati ali ndi changu, Loweruka akufuna akaonetse galimoto paukwati wa mnzake. Ndidalanda makiyi n'kuwaika m'thumba la jekete, ku ukwatiko adapita pa chapa, minibasi zathu zija. MGB ili kuseri kwa nyumba yanga pa masitandi anayi, tikudikira masipuling'i ake enieni, ulendo uno titatumiza nambala ya chesesi. Manambala a tepi tawalemba ndi choko pachitseko cha nkhokwe. Simenti ija azakhali ake aitenga, akuti akonzera khonde la kukhitchini.